Nkhope ya Mfumu Itamwa Inki ya Dziko

Ku Ufumu wa Chionekere chinthu chosajambulidwa sichinachitike. Mwana akabadwa, azamba atha kulumbira mpaka mawu kusasa, koma mwanayo amayamba kuwerengedwa ngati munthu tsiku limene chithunzi chake chatsukidwa. Wakuba mbuzi amene sanajambulidwe amangopatsidwa moni pamsewu, mbuziyo ili paphewa. Za ukwati ndiye osanena. Ankhoswe agwirizane, abusa adalitse, anthu avine mpaka fumbi kobo, koma mkwatibwi sachoka pakhomo pa mayi ake mpaka chithunzi cha ukwatiwo chitapachikidwa pakhoma la apongozi. Anthu a maiko oyandikana nawo amawaseka, koma a ku Chionekere sadandaula, chifukwa kusekako palibe anakujambula.

Mwambo umenewu ndi umene unamuika m'madzi Fatsani Kachala, wotsuka zithunzi wa mumzinda wa Mpandagalasi, likulu la ufumuwo. Fatsani anali atakwatira Ndaziona, mwana wa Mayi Nangozo, ndipo ukwati unavinidwa bwino. Chinatsala ndi chithunzi basi. Munthu wotsuka zithunzi za mzinda wonse, chake akanatsuka tsiku lomwelo. Koma Fatsani anali ndi matama a mmisiri. Anati chake chidikire mpaka atapeza pepala lonyezimira labwino, kuti apongozi akachiona akasowe chonena. Ali kudikira pepalalo, mfumu inalowererapo.

Makina a Fatsani amalavulira papepala timadontho ta inki tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso patokha. Ali ndi mabatani atatu amene anthu a ku Chionekere anawatcha maina ngati ana. Woyamba ndi Wachangu: timadontho tochepa, totalikirana, pepala limatuluka usanamalize kuyasamula, koma nkhope imakhala yotuwa ngati ya munthu wosamba osadzola. Wachiwiri ndi Wapakati, amene anthu ambiri amakhuta naye. Wachitatu ndi Wapamwamba. Ameneyu sathamanga. Makina amabwerera pamalo amodzimodzi kangapo, kuthina timadontho pamodzi, ndipo inki imatsika m'botolo ukuona ndi maso. Tsono inkiyo ku Chionekere sapanga. Imabwera kuchokera kunja kamodzi pachaka, mvula ikatha misewu itauma, n'kutsekeredwa mu Nkhokwe ya Inki kuti dziko lonse lizitapa pang'onopang'ono.

Tsiku lina Mfumu Yaikulu Ndipenyeni Wachiwiri ikudutsa pa msika wa Tingoonera ndi mdipiti wa magalimoto, inasuzumira pawindo n'kuona chithunzi pakhoma la shopu yometera ya a Sautso. Inalamula kuti mdipiti uime.

"Ameneyu ndani?" inafunsa mfumu, ikuloza ndi ndodo.

A Sautso anagwada, lumo lili m'manja. "Ndinu, Mwini dziko."

"Ine ndimatuwa chonchi? Nanga mizere yadutsa pamphumiyi ndi ya chiyani? Anandilima?"

"Inu simutuwa, Mwini dziko. Yatuwa ndi inki. Tinatsukitsa pa Wachangu."

Mfumu sinadye nkhomaliro tsiku limenelo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chilowere ufumu. Inaitanitsa msonkhano wa nduna zonse, ndipo Fatsani naye anamuitana kuti akhale pansi pafupi ndi chitseko ngati mwini makina. Woyankhula wamkulu anali a Vomerezani, Nduna Yoona za Nkhope ya Mfumu. Musawayese mbuli a Vomerezani. Za inki ankazidziwa bwino kwambiri, mwina kuposa Fatsani. Vuto lawo linali lakuti asanamalize chiganizo ankayamba ayang'ana kaye nkhope ya mfumu kuti aone chithere kuti.

"Mwini dziko, ndinene zoona zokhazokha," anayamba choncho. "Wapamwamba amamwa inki kwambiri. Pepala lonyezimira nalo limafuna inki yambiri kuposa pepala wamba. Mkanjo wanu wofiirawu ukadzaza chithunzi chonse, inki yofiira imapita ngati thobwa pa chinkhoswe. Ndipo tikati chithunzi chisakhale ndi mpata woyera m'mbali, makina amalavula mpaka kupyola pepala, ina n'kungotayikira m'kati."

"Ndiye mukuti bwanji?" inafunsa mfumu, nsidze zitakumana.

A Vomerezani anaziyang'ana nsidzezo. "Ndikuti zonsezi n'zokuyenerani, Mwini dziko. Chinthu chosamwa inki si chachifumu."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Nduna ya Zamadzi, imene mipopi yake inali itauma kalekale, inaimirira n'kunena kuti ikanakhala ndi mphamvu bwenzi inki ikutuluka m'mipopi. Fatsani anali ndi pakamwa ngati wina aliyense, ndipo ankadziwa kuti nkhokwe siingapirire zimenezi, koma atamufunsa anangoti, "Zili bwino, Mwini dziko." Anaomba nawo m'manja, mwinanso kuposa ena.

M'mawa mwake wolengeza wa kunyumba yachifumu anaimba ng'oma pakati pa msika wa Tingoonera n'kuwerenga lamulo. Nkhope ya mfumu izitsukidwa pa Wapamwamba yekha, papepala lonyezimira, lopanda mpata m'mbali, popeza ulemerero wa mfumu ulibe malire. Chithunzicho chipachikidwe m'nyumba iliyonse, m'shopu, m'sukulu, m'chigayo, ngakhale m'khola la ng'ombe ngati lili ndi khoma. Anthu wamba zithunzi zawo zizitsukidwa pa Wachangu, popeza munthu wamba amakhala pachangu nthawi zonse.

Wolengezayo atachoka, Mayi Nankhoma ogulitsa tomato anapukuta manja pachitenje. "Ayi, atiganizira," anatero. "Ife kutuwa tinazolowera kale. Pano kwangolowa m'malamulo."

"Mlamu wanga anatsukitsa chithunzi cha chiphaso m'mawa uno," anayankha a Sautso ali pakhomo la shopu yawo. "Apolisi atachiona amupepesa, akuti sanamve za maliro ake."

Fatsani sanaseke nawo. Pepala lonyezimira lija linali litafika, koma tsopano lonse linali la mfumu. Anakanda mutu, natsuka chithunzi cha ukwati wake pa Wachangu, papepala wamba, n'kupita nacho kwa apongozi. Anakhala pamphasa chapatali monga mwa ulemu, chithunzi n'kuchipereka kudzera mwa Ndaziona.

Mayi Nangozo anachitembenuza, kuchiyang'ana chozondotsa, kuchiika padzuwa. "Akamwini, awa ndani?"

"Ndi ifeyo, amayi. Ine ndi mwana wanu."

"Mwana wanga ndinamubereka ndekha, ndikumudziwa. Ndi wakuda wosalala. Uyu ndi mzukwa wavala diresi. Pakhoma panga sipakhala mizukwa."

"Ndi lamulo, amayi. Ife anthu wamba..."

"Lamulo n'la ku Mpandagalasi. Khoma n'langa."

Ndaziona anamuperekeza mwamuna wake mpaka pa mtengo wa mango, mkwiyo uli tho. "A Fatsani, anzanga amene tinakwatiwa nawo mwezi umodzi akuphika m'nyumba zawo. Ine ndikugonabe ndi ang'ono anga, akundimenya mateche usiku wonse. Munkadikira pepala. Nalo pepala lafika."

Fatsani anabwerera kushopu mtima uli zii. Ankamukonda mkazi wake, ndipo chinkamupweteka kwambiri n'chakuti Ndaziona sanalakwitse ngakhale liwu limodzi.

Zithunzi zoyamba za mfumu zitatuluka, mzinda wonse unathamangira kukaona. Wapamwamba anagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo vuto linali lomwelo. Sanasiye kanthu. Anaonetsa makwinya onse a pamphumi, timabowo ta pamphuno, tsitsi lotuluka m'makutu, ndi mzere pamene mankhwala odetsa imvi anathera. Pakati pa mano awiri a mfumu panali kachidutswa ka nyama, ndipo anthu anaima pamzere kukangana ngati kanali ka mbuzi kapena ka nkhuku.

"Ndi mbuzi iyo," anatero Mayi Nankhoma atayandikitsa nkhope. "Yokazinga. Tiyeni tiyang'anitsitse, anzanga, chaka chino nyama yathu ndi imeneyi."

Mawu amenewa anafika kunyumba yachifumu dzuwa lisanapendeke. A Vomerezani sanavutike kuganiza. Kutsitsa mfumu kupita pa Wapakati kukanakhala kuukira ufumu, choncho anatsitsa anthu. Ng'oma inaliranso pamsika: aliyense woyang'ana chithunzi cha mfumu aziima patali, pamene mwala woponyedwa ndi munthu wamkulu ungagwere. Apolisi anajambula mizere pansi ndi laimu. Amene nyumba zawo zinali zazing'ono ankayenera kutuluka panja kuti aione mfumu yawo kudzera pakhomo.

A Sautso anaima kuseri kwa mzere, natsinzina diso limodzi. "Mayi Nankhoma, tandithandizani. Kuchokera pano, chatsopanochi ndi cha Wapakati chija chinali ku positi ofesi, zikusiyana pati?"

"Zikusiyana, bambo. Chinacho chinasiyako inki ya ana athu."

Ndipo inkiyo inapitadi. Yofiira ndiyo inatsogola, chifukwa cha mkanjo uja. Woyang'anira nkhokwe anawanong'oneza a Vomerezani kuti yofiira ikatha, makina azitsuka ndi yachikasu ndi yabuluu zokha, ndipo mfumu izituluka yobiriwira ngati chule wa m'dambo. A Vomerezani thukuta linatsika. Ng'oma inalira kachitatu: kuyambira lero, chithunzi chilichonse chopanda nkhope ya mfumu chidikire inki ya chaka chamawa. Ana obadwa m'nyengo imeneyo analangizidwa kuti adekhe, adzabadwa mwalamulo misewu ikauma.

Fatsani anatseka shopu masana, nakhala pampando atagwira tsaya. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana, kutanthauza kuti dzinja lonse adzalitha yekha. Ndaziona anamupeza ali choncho.

"Tandiuzeni bwinobwino, lamulolo likuti chiyani?"

"Likuti chithunzi chopanda nkhope ya mfumu sichitsukidwa."

"Nanga chokhala ndi nkhope ya mfumu?"

"Chimenecho ndiye pa Wapamwamba, papepala lonyezimira. Kuchitsuka motuwa ndi mlandu."

Ndaziona anayang'ana chithunzi chachikulu cha mfumu chimene chinali pakhoma la shopuyo, kenako anayang'ana mwamuna wake mwachisoni. "A Fatsani, suti ija ikadalipo?"

Anavalanso zaukwati. Anatsitsa chithunzi cha mfumu n'kuchiimika pampando, Ndaziona uku, Fatsani uko, mfumu pakati. A Sautso ndi amene anadina kamera, ataima kuseri kwa mzere wa laimu monga nzika yomvera. Makina anayenda pang'onopang'ono, kupita n'kubwerera, ndipo chimene chinatuluka chinali chokongola moti Fatsani misozi inalengeza. Diresi loyera mbuu, khungu la Ndaziona lakuda losalala, mkanda uliwonse wa m'khosi ukuoneka pawokha. Wapolisi wa Unduna wa Nkhope anabwera kudzafufuza, anachiyang'ana, naona mfumu ili pakati, n'kuchichitira sawatcha.

Nkhani yotere siigona pamsika wa Tingoonera. Maukwati onse amene anali ataima chifukwa cha inki anakhamukira ku mashopu otsukira zithunzi, aliyense atanyamula mfumu yake kukhwapa. A Vomerezani anathamangira kunyumba yachifumu ndi uthenga wabwino, kuti anthu afika poikonda mfumu mwakuti sakufuna kukwatirana popanda iyo. Mfumu inasangalala kwambiri, niwapatsa mendulo.

Fatsani anapita kwa apongozi akuyenda ngati mwini mudzi. Mayi Nangozo analandira chithunzi ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anamwetulira.

"Eya. Uyu ndiye mwana wanga. Onani tsaya ili."

Anakhoma msomali okha n'kuchipachika. Ndaziona anali atayamba kale kulongedza zovala m'chikwama. Kenako Mayi Nangozo anabwerera m'mbuyo pang'ono, manja m'chiuno, mutu utapendekeka.

"Koma akamwini, amuna apa alipo awiri."

"Winayo ndi mfumu, amayi. Tangoiikapo chifukwa cha inki."

"Za inki ine sindizidziwa. Ndikuona mwana wanga wavala zaukwati, ndipo amene waima naye phewa ndi phewa ndi wa mkanjo wofiirayu. Inu muli kumapeto uko ngati wogwirizira maluwa. Nkhope yake ndi yaikulunso kuposa yanu."

"Amayi!" anakuwa Ndaziona.

"Khala chete iwe. Chithunzi sichinama. Ukachoka pano upita kwa uti? Nkhaniyi iyambe yamveka." Anayang'ana kumwamba kumene mitambo inali itada. "Ndipo mvula iyi yafika. Mkamwini amalima munda wa apongozi ake. Sindinamvepo kuti mkanjo umaletsa munthu kugwira khasu."

Mayi Nangozo sanali okha amene anaganiza choncho. M'mawa mwake alonda a kunyumba yachifumu atatsegula chipata anapeza bwalo lonse ladzaza amayi achikulire, aliyense chithunzi chonyezimira kudzanja ili, khasu kudzanja linalo. Sanabwere mwachipongwe ayi. Anakhala pansi mwaulemu, miyendo atatambasula, akukambirana mwamtendere za amene ayambe kulimiridwa. Ena anabweretsa mbewu. Mmodzi wochokera kumapiri anati iye munda alibe, koma denga la nkhokwe yake likudontha.

Mfumu inasuzumira pawindo n'kubwerera msanga. "A Vomerezani, anthu awa akufuna chiyani?"

"Ndi apongozi anu, Mwini dziko."

"Onsewa?"

"Ena akadali m'njira. Mabasi achepa."

Analowetsa Mayi Nangozo kuti ayankhulire anzawo. Anagwada, naomba m'manja mwaulemu wonse, kenako anaika khasu patsogolo pa mpando wachifumu. "Mwini dziko, ife tabwera ndi chimwemwe. Sitinkadziwa kuti banja lathu lingafike apa. Munda wanga suli kutali, ndipo nthaka yake ndi yofewa mvula ikagwa. Mukalawirira, pofika masana mwamaliza dimba lonse."

"Mayi, ine mwana wanu sindimudziwa!"

Mayi Nangozo anatukula chithunzi. Wapamwamba anali atagwiranso ntchito yake. Panalibe pokanira, ngakhale tsitsi la m'makutu linali pomwepo kuchitira umboni.

Mfumu inatembenukira kwa nduna yake. "Kalengezeni kuti zimenezi sizinachitike. Chithunzi ndi pepala chabe."

Kwa nthawi yoyamba a Vomerezani anayang'ana nkhope ya mfumu osapezapo pothera chiganizo. Anayandikira n'kunong'ona, koma m'chipindamo munali zii moti aliyense anamva. "Mwini dziko, tikanena kuti chojambulidwa sichinachitike, tiyambire pati? Milatho yonse munamanga ija, zipatala, msewu wa tala wopita kumapiri, zonsezo zili pa zithunzi zokha. Anthu akayamba kukafuna zenizeni..."

Nduna ya Zamadzi inayamba kutsokomola. Nduna ya Misewu inagwetsa cholembera n'kuchedwa kwambiri pansi pa tebulo pochitola. Mfumu inayang'ana khasu, inayang'ana zikhatho zake zofewa, n'kupuma mozama.

Madzulo ake ng'oma inalira pa Tingoonera, ndipo wolengeza anawerenga ndi mawu aulemerero ngati kale. Chifukwa cha kudzichepetsa kwake kosaneneka, mfumu yalamula kuti nkhope yake izitsukidwa pa Wachangu, papepala wamba, motuwa kwambiri mwakuti mpongozi aliyense asathe kuizindikira. Inki yotsala m'nkhokwe ipite ku maukwati, ndipo maukwati onse a nyengo ino ajambulidwenso msanga, mwamuna mmodzi pa chithunzi chilichonse, wooneka bwino.

"Ndiye mfumu yathu yasanduka munthu wamba," anatero a Sautso.

"Pa pepala," anayankha Mayi Nankhoma, akuunjika tomato wawo. "Musathamange, bambo."

Fatsani anavala suti kachitatu. Inki m'mabotolo inali itatsala pansi penipeni, ndipo matama aja anali atamuthera. Anadina Wapakati, kachithunzi kapakatikati, kokhala ndi mpata woyera m'mbali. Kanatuluka bwinobwino. Aliyense woyang'ana akanadziwa kuti uyu ndi Ndaziona, uyu ndi Fatsani, ndipo palibenso wina.

Mayi Nangozo anatsitsa chakale chija n'kupachika chatsopano pa msomali womwewo. Anachiyang'ana pafupi, anachiyang'ana patali. Ndaziona anali pakhomo chikwama chili pamutu, phazi limodzi lili kale panja.

"Eya," anatero Mayi Nangozo. "Apa ndiye palibe chokayikitsa. Ndinu nokha, akamwini. Mtengeni mkazi wanu."

Fatsani anaomba m'manja mwachimwemwe. Anadzuka kuti azipita.

"Khasu lili kuseri kwa chitseko," anapitiriza Mayi Nangozo. "Munda wa kuchulu ndi wanu, umenewo mukuudziwa. Wa kudimba uja ndinasungira mfumu. Poti yakana, mawa mulawirire."